Nyali zoonjezera pagalimoto: Kuunika njira kapena kuthobwa anzako?

Dzuwa likangolowa m'miyezi ya Juni ndi Julaye, msewu wa M1 pakati pa Chinkhoma ndi tauni ya Kasungu umakhala ndi anthu amitundu iwiri: oona kwambiri ndi osaona n'komwe.

Oona kwambiri ndi omwe ali m'malole ndi m'mapikapu okhala ndi mzere wa nyali za LED kutsogolo kapena padenga. Osaona ndi wakabaza amene wanyamula mayi wochokera kuchigayo, mnyamata woyendetsa ngolo ya mabelo, komanso dalaivala wa kagalimoto kakang'ono amene akuchokera mbali inayo.

Kwa anthu amenewa, galimoto yotere ikangotulukira dziko lonse limayera mbee, kenaka n'kuda bii. Wanjinga amathawira kutchire osadziwa ngati kuli dzenje kapena chitsa. Wagalimoto amangolimbikira chiwongolero uku akupemphera kuti pomwe akudutsapo pasakhale munthu.

Nkhani ya nyalizi imakula nyengo ya malonda a fodya, yomwe nthawi zambiri imayamba mu Epulo. Apa m'pomwe mabelo amachoka m'zigafa kupita kumsika wa Chinkhoma kapena wa Kanengo ku Lilongwe, ndipo m'pomwenso ndalama zimalowa m'matumba mwa alimi ndi eni malole. Mu 2024, fodya adabweretsa ndalama pafupifupi $396 miliyoni m'dziko muno. Gawo lina la ndalama zotere limathera kugalaja, ndipo nyali zoonjezera zili m'gulu la zinthu zomwe mwini galimoto amayamba kuziganizira.

Funso nali: kodi munthu akamasankha nyalizi ayang'ane chiyani kuti aone njira yake bwino popanda kuika moyo wa mnzake pachiswe?

Kufuna kuwala si kunyada chabe

Kungakhale kulakwa kunena kuti aliyense woika nyali zoonjezera akungofuna kuonekera. Boma la Kasungu, lomwe pa kalembera wa 2018 lidali ndi anthu oposa 800 000, ndi lotambalala, ndipo misewu yambiri yolowera m'midzi ndi m'maesiteti a kwa Chulu, Simlemba, Chamama, Wimbe ndi Santhe ndi yafumbi.

M'misewu imeneyi mulibe magetsi, mulibe mizere yoyera, ndipo zikwangwani n'zosowa. Muli maenje osiyidwa ndi mvula, milatho ing'onoing'ono yodutsa galimoto imodzi, mchenga wa m'madambo, ng'ombe zobwerera mochedwa komanso ngolo zopanda chonyezimira chilichonse.

Kumadzulo kwa bomali kulinso nyama zakutchire. Mu 2022, njovu 263 zidasamutsidwa kuchoka kunkhalango ya Liwonde kukaikidwa kunkhalango ya Kasungu, ndipo anthu okhala m'malire mwa nkhalangoyi akhala akudandaula kuti zina zimatulukira m'minda ndi m'midzi. Njovu ilibe nyali yakumbuyo. Khungu lake limafanana ndi mdima.

Kuonjezera apo, nyengo yozizira dzuwa limalowa cha m'ma 5:30 madzulo. Lole yomwe yatsiriza kupakira masana m'maesiteti awiri kapena atatu imapezeka ikuyenda usiku, ifune isafune. Ena amanyamuka mbandakucha kuti akafike kumsika nthawi yabwino.

Choncho vuto lomwe dalaivala akufuna kuthana nalo ndi lenileni. Pomwe zinthu zimasokonekera ndi m'sitolo.

Bokosi limanena zambiri

Ogula ambiri akafika pakauntala amafunsa funso limodzi lokha: yowala kwambiri ndi iti? Wogulitsa amaloza bokosi lolembedwa mawati ochuluka, malonda n'kutha.

Komatu mawati sanena za kuwala. Amanena za mphamvu ya magetsi yomwe nyali imadya kuchokera kugalimoto. Nambala ina yomwe imalembedwa pamabokosi, ya ma lumen, imanena za kuwala konse komwe nyali ikutulutsa, koma siinena komwe kuwalako kukupita. Nyali ikhoza kukhala ndi ma lumen ochuluka pomwe kuwala kwambiri kukungothera m'mitengo ndi m'maso mwa anthu.

Zili ngati madzi othirira nazale ya fodya. Chidebe chodzadza chikakhuthulidwa pamalo amodzi chimakokolola mbande; madzi omwewo akadutsa m'kheni amagwira ntchito. Chomwe chimaongolera kuwala ndi galasi komanso mbale yonyezimira yomwe ili kuseri kwa babu, ndipo apa m'pomwe nyali zotchipa zimalephera.

Kuchokera pomwe ndalama ya kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipangizo zagalimoto zochokera kunja zidakwera mtengo, ndipo n'zosadabwitsa kuti munthu amathamangira chotchipa. Koma safunsa adadya phula. Pali mafunso omwe wogula ayenera kufunsa asadatulutse ndalama.

Loyamba ndi la mtundu wa nyali. Pali nyali zomwe zimaponya kuwala patali koma mopapatiza, zomwe madalaivala amazitcha masipoti. Izi zimathandiza pamsewu wautali woongoka, koma sizionetsa ng'ombe yomwe ikutulukira m'mbali.

Pali zina zomwe zimamwaza kuwala m'mbali zonse koma pafupi. Izi n'zabwino poyenda pang'onopang'ono m'tinjira ta m'esiteti, popakira mabelo kapena pobwerera m'mbuyo. Pothamanga zimanamiza: pafupi pakawala kwambiri diso limazolowera kuwalako, ndiye kutali komwe kuli ngozi kumaoneka kwakuda kuposa kale.

Zachitatu ndi nyali za nkhungu. Izi zimamangidwa m'munsi, ndipo kuwala kwake kumakhala kotambalala koma kodulidwa pamwamba kuti kuziyenda cha pansi.

Mizere ya LED yomwe yafala masiku ano nthawi zambiri imaphatikiza mitundu iwiri yoyambayo. Idapangidwira kutchire, m'minda ndi m'migodi komwe kulibe wokumana naye. Ilibe malire a kuwala pamwamba monga momwe ilili nyali ya dimu. N'chifukwa chake ngakhale mwiniwake ataiweramitsa pang'ono, imathobwabe.

Fumbi ndi utsi wa ku Kasungu

Funso lachiwiri ndi la malo omwe galimoto imayenda. Dera la Kasungu ndi lachidikha; mapiri otchinga ndi ochepa ndipo misewu yambiri ndi yoongoka. Nyali yamphamvu imayamba kuvutitsa wobwera kutsogolo akadali kutali, ndipo imamuvutitsa kwa nthawi yaitali kusiyana ndi m'misewu yokhotakhota ya kumapiri.

Chachikulu china ndi fumbi. Kuyambira Meyi mpaka mvula yoyamba, lole imodzi ikadutsa pamsewu wadothi fumbi limatsala lili tolo kwa mphindi zingapo, makamaka usiku kukakhala kopanda mphepo. Pofika Ogasiti ndi Seputembala, utsi wa moto wa osaka mbewa ndi ootcha mapesi umaonjezera. M'mamawa m'nyengo yozizira, m'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje monga Bua ndi Dwangwa mumagwa nkhungu.

Mufumbi, muutsi ndi munkhungu, kuwala kwambiri kumabwerera kwa mwini wake. Nyali yomwe ili padenga ndiyo imaipitsitsa, chifukwa imaunika fumbi lomwe lili pamaso penipeni pa dalaivala komanso imawalitsa boneti. Munthu amaona khoma loyera basi.

Mtundu wa kuwala nawo uli ndi gawo lake. Pamabokosi pamalembedwa nambala yothera ndi chilembo cha K. Nyali za 6000K kapena kuposa zimawala moyera mopita kubuluu, ndipo kuwala kotere kumalasa m'maso kwambiri. Za pakati pa 3000K ndi 4300K zimawala mwachikasu kapena moyera mofatsa, ndipo madalaivala oyenda m'fumbi amazipeza zosatopetsa maso.

Apa zikuonetsa kuti kwa mlimi kapena mwini pikapu wa ku Kasungu, nyali ziwiri zapakatikati zomangidwa m'munsi zikhoza kumuthandiza kuposa mzere wautali wa padenga, ngakhale mzerewo ndiwo umaoneka wochititsa kaso masana.

Masekondi asanu a mdima

Ena amati kuthobwa ndi nkhani yaing'ono, munthu amangophethira n'kupitirira. Masamu akukana.

Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi iliyonse. Diso lomwe lalasidwa ndi kuwala kwamphamvu limatenga masekondi angapo kuti lizolowerenso mdima, ndipo kwa munthu wachikulire nthawiyo imatalika. Ngati atakhala masekondi asanu, ndiye kuti galimoto yayenda mamita 110, mtunda woposa kutalika kwa bwalo la mpira, dalaivala asakuona bwino.

Paliwiro lomwelo, galimoto yamabuleki abwino imafuna mamita oposa 50 kuti iime pa phula louma. Ikakhala yodzadza mabelo kapena ikakhala padothi, mtundawo umatalika.

M'mamita amenewo ndimo mumakhala wakabaza, mwana wotumidwa kugolosale ndi lole yofera pamsewu yomwe chizindikiro chake ndi nthambi za mtengo. Chomvetsa chisoni n'choti mwini nyali yothobwayo amakhala atadutsa kale. Ngoziyo imalembedwa padzina la wina.

Lipoti la bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO la 2023 lidati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka mwa iwo ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Lipoti la bungwe lomweli la 2018 lidaika Malawi pa imfa 31 mwa anthu 100 000 alionse, chiwerengero chomwe chidali m'gulu la zokwera kwambiri padziko lonse.

Palinso msampha kwa mwini nyali. Munthu akamaona patali amaponda mafuta. Koma kuti nyali ifike mtunda wowirikiza kawiri imafunika mphamvu yowirikiza kanayi, pomwe liwiro likawirikiza kawiri mtunda woponda mabuleki umawirikizanso kanayi. Akakumana ndi mnzake n'kuzimitsa nyali zija, amagwera mumdima wadzaoneni ali paliwiro lomwe dimu singakwanitse.

Ntchito yokonza makilomita 301 a msewu wa M1, yomwe idakhazikitsidwa mu 2022 ndi ndalama zochokera ku European Investment Bank ndi European Union, ikukhudza chigawo chochokera panjira yolowera kubwalo la ndege la Kamuzu kudutsa Kasungu mpaka ku Jenda ndi kupitirira. Walira mvula walira matope: msewu wosalala umachepetsa maenje koma umaonjezera liwiro, ndipo liwiro likakwera sekondi iliyonse ya kuthobwa imakwera mtengo.

Mawaya ndiwo mwini nkhani

Funso lachitatu, lomwe ambiri salifunsa, ndi la kamangidwe. Nyali yabwino yolumikizidwa molakwika ndi yoopsa ngati yotchipa yomwe.

Njira yoyenera ndi yoti nyali zoonjezera ziziyaka pokhapokha galimoto ili pa fulu, ndipo zizizima zokha dalaivala akangodima. Zikhalenso ndi switchi yakeyake yoti munthu akafika pa phula azithimitsiretu. Nyali yomwe ili ndi switchi yokha, yosalumikizidwa ku fulu, imafuna kuti dalaivala achotse dzanja pachiwongolero n'kumafufuza batani nthawi yomwe akukumana ndi mnzake. Ambiri amachedwa, ena amangozisiya.

Magetsi ake achokere kubatire kudzera pa fyuzi ndi relay, pogwiritsa ntchito waya wonenepa mokwanira. Masipoti awiri akale a mawati 100 iliyonse amakoka ma amp pafupifupi 17 pagalimoto ya mavoti 12. Katundu wotere akakolekedwa pawaya wa nyali zomwe galimoto idabwera nazo, waya amatentha n'kusungunuka. Nyali za LED zimadya magetsi ochepa, koma nazonso zimafuna fyuzi.

Mchitidwe wolumikiza mawaya popotokola n'kukulunga tepi, kapena kuika kawaya m'malo mwa fyuzi yopsa, ndi kuputa moto. Pagalimoto yonyamula fodya wouma ndi ziguduli, shoti imodzi ikhoza kupsereza thukuta la chaka chonse la mlimi ndi matenanti ake.

Wogula aonetsetsenso mavoti. Magalimoto ang'onoang'ono ndi a 12 pomwe malole ambiri ndi a 24. Ayang'anenso chizindikiro cha IP67, chomwe chimatanthauza kuti nyali siilowa fumbi ndipo imapirira kumizidwa m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Zitsulo zomangira zikhale zolimba, chifukwa msewu wamabampu umagwedeza nyali mpaka imayamba kuloza kumwamba mwini wake osadziwa.

Yambani ndi zomwe zilipo kale

Galimoto zambiri zomwe eni ake amati siziona usiku sizisowa nyali zoonjezera ayi. Zimasowa kukonza zomwe zilipo.

Zambiri mwa galimoto zomwe zimalowa m'dziko muno ndi zogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan, ndipo magalasi a nyali zake ndi apulasitiki. Dzuwa limawasandutsa achikasu ndi ambuu. Kafukufuku wa bungwe la oyendetsa galimoto la AAA ku America mu 2018 adapeza kuti nyali zamagalasi otere zimatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a kuwala kwa nyali zatsopano. Kupukuta galasi ndi mankhwala ake kapena kugula lina kumabwezeretsa kuwala popanda kuvutitsa wina aliyense.

Chachiwiri ndi kulunjika kwa nyali. Belo limodzi la fodya limalemera makilogalamu pafupifupi 100. Pikapu ikasenza mabelo asanu ndi atatu kapena khumi, kumbuyo kumatsika, kutsogolo n'kudzuka. Dimu imasanduka fulu kwa wobwera kutsogolo, pomwe dalaivala mwini akudandaula kuti pansi sipakuoneka. Galimoto zina zili ndi kagudumu kolembedwa manambala kuyambira 0 pafupi ndi chiwongolero, kotsitsira nyali galimoto ikalemedwa, koma si onse amadziwa ntchito yake.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Galimoto iime pamalo osalala mamita 10 kuchokera kukhoma, itanyamula katundu wake wa masiku onse. Pa dimu, malire a kuwala agwere masentimita pafupifupi 10 m'munsi mwa msinkhu wa nyali, ndipo akwere pang'ono chakumanzere komwe kumakhala oyenda pansi. Galimoto yopangidwira maiko oyenda kumanja imakweza kuwala mbali yolakwika, choncho nyali zake zimafunika kusinthidwa.

Chachitatu ndi mababu. Babu wamba la H4 limadya mawati 55 pa dimu ndi 60 pa fulu, ndipo mbale yake idapangidwa molingana ndi pomwe kawaya ka m'babumo kali. Munthu akachotsa babulo n'kulowetsa la LED lomwe silidapangidwire mbaleyo, kuwala kumamwazika. Pakhoma pamaoneka poyera, koma pamsewu phindu limakhala lochepa ndipo anzake amathobwedwa ngakhale ali pa dimu.

Ndipo pali galimoto za diso limodzi, zomwe usiku zimaoneka ngati njinga yamoto. Kuika mzere wa LED pagalimoto yotere n'kuvala jekete pamwamba pa malaya ong'ambika.

Lamulo limagona usiku?

Zapamsewu m'dziko muno zimayendetsedwa ndi lamulo la Road Traffic Act la 1997, ndipo galimoto imayenera kukhala ndi chiphaso cha COF chosonyeza kuti ili bwino. Nyali zili m'gulu la zinthu zomwe zimayesedwa. Aliyense amene adadutsa kusukulu yoyendetsa galimoto adaphunziranso kuti ayenera kudima akakumana ndi mnzake kapena akamamutsatira pambuyo.

Mpata ulipo ndi woti nyali zoonjezera zikhoza kumangidwa tsiku lotsatira galimoto itayesedwa kale. Komanso kuipa kwa nyali sikuoneka masana. Kumaoneka usiku, kutali ndi zipata za apolisi.

Maiko ena adalemba malire momveka. Ku South Africa, malamulo apamsewu a 2000 amati nyali za nkhungu ziyatsidwe pokhapokha kukakhala nkhungu, fumbi, utsi kapena zina zotchinga maso zotere, ndipo nyali zazikulu zisakwere kuposa mita 1.4 kuchokera pansi. Ku Ulaya, nyali yololedwa pamsewu imakhala ndi chilembo cha E m'kati mwa kamzere kozungulira pagalasi lake, ndipo pali malire a mphamvu ya nyali zonse za fulu zikaphatikizidwa. Wogula wa ku Kasungu akhoza kuyang'ana chilembo chimenechi, ngakhale pali zina zachinyengo. Bokosi likalembedwa kuti nyaliyo ndi yogwiritsa ntchito kunja kwa msewu basi, wopanga wanena kale zoona.

Pali ntchito yomwe nthambi ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, apolisi apamsewu ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards angagwire limodzi: kulengeza m'Chichewa ndi m'Chitumbuka nyali zomwe zili zololedwa pa phula, kuona zomwe zikulowa m'dziko, komanso kuyendera misewu usiku nyengo ya fodya. Mabungwe a alimi ndi a eni malole, omwe amapereka ntchito yonyamula mabelo, akhozanso kuika kayendedwe ka nyali m'migwirizano yawo.

Koma mutu umodzi susenza denga. Dalaivala amafuna kuwala kwambiri chifukwa zomwe amakumana nazo sizioneka. Ngolo ikakhala ndi zonyezimira kumbuyo, wakabaza akavala chovala chonyezimira, lole yowonongeka ikaikidwa zizindikiro zake zamakona atatu m'malo mwa nthambi, dimu wamba imaziona patali. Mtengo wa zonyezimira za ngolo imodzi sungafanane ndi wa mzere wa LED, ndipo mafumu ndi makalabu a alimi angathe kulimbikitsa izi osadikira boma.

Kwa mwini galimoto amene watapa ndalama za fodya chaka chino, ndondomeko yake ndi yachidule. Akonze kaye magalasi, mababu ndi kulunjika kwa nyali zomwe zilipo. Ngati njira ya kumudzi ikufunabe kuwala kwina, asankhe nyali ziwiri zogwirizana ndi fumbi, zomangidwa m'munsi, zodutsa pa fyuzi ndi relay, zozima zokha akadima. Akangoponda phula la M1 kapena M18, azithimitse, ndipo pomwe maso sakufika achepetse liwiro.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Galimoto imagona kugalaja masiku ena, ndipo tsiku limenelo mwini mzere wa LED naye amakwera kabaza kuchokera pa Chinkhoma dzuwa litalowa, n'kuona kuwala koyera kukutulukira kutsogolo.